Mutu 5: Nyambo ya Mlenje

1. Watsopano

Mfundo anali mtsikana wa Fomu 2, wamfupi, wosalankhulalankhula. Dzinali anamupatsa ndi anzake a gulu la masikauti kumene ankakhala kale, chifukwa pa nkhani yomanga mfundo za chingwe panalibe womuposa. Koma chisamukireni m'tauni yatsopanoyi palibe anamuitanapo ndi dzina limenelo. Kusukulu ankangoti "Watsopano". Miyezi inadutsa, kunabwera ana ena atsopano pambuyo pake, koma dzinalo linamukakamira iye ngati chisoso.

Ankakhala pamwamba pa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Zipinda zinali ziwiri, ndipo fungo la penti linkakwera masitepe mpaka kukhitchini. Mayi ake anali namwino pa chipatala chachikulu. Masabata ena mayi ndi mwana ankangosiyirana chakudya m'poto osaonana maso. Bambo ake ankayendetsa chigalimoto cha katundu maulendo ataliatali. Akabwera ankafika ndi tulo, ndipo pochoka ankasiya nsapato zawo zakale pakhomo, ati kuti akuba azidziwa kuti m'nyumbamo muli mwamuna.

Mfundo akaweruka ankatsegula chitseko ndi kiyi wa m'khosi mwake n'kuyatsa wailesi, osati kuti amvetsere, koma kuti m'nyumba musachite zii.

Chimene chinkamutulutsa panja ndi masewera amene anawaphunzira ku masikauti. Dzina lake ndi jiyokashing'i, koma anawo ankangoti "kusaka chuma". Munthu amabisa kabokosi kapena kabotolo penapake, m'kati n'kuikamo tinthu ting'onoting'ono ndi kapepala kosainapo. Kenako amalemba pa intaneti manambala osonyeza malowo. Wosaka amatsegula mapu pa foni n'kumatsata kamuvi mpaka atakapeza. Akakapeza amasaina, amatengamo kanthu, amasiyamo kena, n'kukabwezera pomwe kanali.

Mfundo anali atapeza timabokosi tonse ta m'dera lawo, yekhayekha. Anapeza ka kuseri kwa chikwangwani cha pa siteji ya basi, ka m'mphako ya mtengo wa pa positi, ndi ka pansi pa benchi ya kubwalo la mpira. Titatha, anaganiza zobisa kake. Anatenga kabotolo ka mavitamini komwe mayi ake anataya, anaikamo timfundo tokongola timene analuka ndi chingwe chofiira, n'kukakalowetsa m'khoma la kuseri kwa laibulale, pomwe panagumuka njerwa.

Tsiku lililonse ankatsegula foni kuti aone ngati wina wakapeza. Kunali zii. Nthawi zina ankadzera dala kulaibulale n'kupisa dzanja m'khomamo. Kabotolo kanali momwemo, kangaude atayamba kale kumangapo nyumba.

2. Mlenje

Madzulo ena akutsuka mbale, foni inalira. Wina anali atakapeza kabotolo kaja. Munthuyo ankadzitcha Mlenje, ndipo pamalo pa nkhope yake anaikapo chithunzi cha jombo yamatope.

Mlenje analemba kuti wasaka chuma m'matauni ambiri koma sanaonepo mfundo zolukidwa mwaluso chotero. Anati watengamo imodzi ndipo waimangirira ku kiyi wa galimoto yake. Mfundo anawerenga uthengawo ataimirira, anawerenganso atakhala pansi, madzi akusefukira mu sinki.

Kuyambira tsiku limenelo ankalemberana. Poyamba zinali za masewera basi. Kenako Mlenje anapempha kuti azicheza paokha, osati pomwe aliyense amawerenga. Anati nayenso anali sikauti ali mwana, ndipo akudziwa mmene zimawawira kukhala pakati pa anthu koma wopanda mnzako. Anafunsa sukulu imene Mfundo amaphunzira. Anafunsa amene amakhala naye kunyumba, ndiponso masiku amene mayi ake amachedwa ku ntchito.

Mfundo ankayankha zonse. Panali patapita nthawi yaitali chiyambire munthu kumufunsa kanthu n'kudikira yankho.

Lachisanu madzulo Mlenje anatumiza manambala a malo, pamodzi ndi mawu awa: "Ndili ndi kabokosi kamene sindinakaike pa mapu. Ndi ka akatswiri okhaokha. M'katimo muli kampasi yeniyeni yachitsulo, osati zapulasitiki zimene amakupatsani ku masikautizo. Ubwere mawa mukamaliza msonkhano wanu. Ubwere wekha, ndipo usauze munthu. Ukudziwa kuti masewera athuwa amakoma ndi chinsinsi."

Mfundo anaika manambalawo pa mapu. Kamuvi kanaloza kutsidya kwa njanji, kumene iye anali asanapondeko. Anayang'ana chitseko cha chipinda cha mayi ake. Chinali chotseka, ndipo m'katimo munkamveka mkonono wa munthu wotopa. Anaika foni pansi pa pilo.

3. Matenti

Loweruka m'mawa masikauti anasonkhana pabwalo la sukulu. Sabata yotsatira linali tsiku lopita kumisasa kumapiri, choncho anatulutsa matenti onse m'chipinda cha katundu kuti awaunike. Anawayala padzuwa kuti fungo la nkhungu lichoke. Ena ankasoka pong'ambika, ena ankawongola zikhomo zopindika, ena ankatsuka mapoto ndi kuyesa matochi.

Kagulu ka Mfundo kankatsogoleredwa ndi mtsikana wamtali wa Fomu 3 amene ankamutcha Sitima. Mawu ake ankamveka kuchokera kugeti, ndipo kulikonse kumene wapita atsikana ankamulondola ngati mabogi. Sitima sanali wankhanza. Kungoti maso ake ankadutsa pamwamba pa mutu wa Mfundo.

Nthawi yogawana matenti itakwana, atsikana anagwirana manja awiriawiri. Zinachitika mofulumira ngati anapangana kale. Mfundo anatsala yekha pakati pa bwalo, hamala ili m'manja.

"Watsopano agona m'tenti ya katundu," anatero Sitima akuseka. "Adzatilondera mapoto kuti anyani asabe."

Onse anaseka. Mfundo nayenso anamwetulira, chifukwa sanadziwe china choti achite ndi nkhope yake. Kenako anapita kukamanga zingwe za matenti. Anamanga za tenti yoyamba mpaka yomaliza, ndipo mphepo itawomba palibe tenti inagwedezeka. Palibenso anafunsa kuti wamanga ndani.

Mtsogoleri wa gulu lonse anali mphunzitsi wa jogalafe amene anawo ankawatcha Mayi Wenzulo, chifukwa wenzulo sinkachoka m'khosi mwawo. Ntchito itatsala pang'ono kutha anaiimba, ndipo onse anakhala pansi pa kapinga.

"Ana anga," anayamba motero, "kumisasa kuja tikasaka chuma, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mumasaka kale panokha. Sindikuletsani. Masewerawa ndi abwino. Amakuphunzitsani kuwerenga mapu, ndipo amakuyendetsani m'malo moti muzingokhala pa mpando ngati pilo. Koma tcherani khutu. Kabokosi koona kamakhala pa mapu, pomwe aliyense angakaone. Sikakhala m'nyumba ya munthu. Sikakhala kuseri kwa mpanda. Sikakhala pamalo poti mutakuwa palibe angakumveni.

"Ndiponso sikauti sayenda yekha. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Ine ndakalamba ndi mapu, koma mpaka lero ndikamapita kutchire ndimauza munthu kumene ndalowera ndi nthawi imene ndibwere. Chinsinsi cha masewerawa ndi pomwe pali kabokosi, osati pomwe pali inuyo.

"Foni ilibe nkhope, ana inu. Amene akukulemberani kuti ndi mnyamata mnzanu akhoza kukhala bambo wa ndevu zake. Munthu wamkulu akakuuzani kuti izi usauze amayi ako, dziwani kuti chimene akubisacho si kabokosi. Nsomba imaiona mbedza bwinobwino. Chimene chimaipha ndi nyambo."

Anyamata akumbuyo ankagendana ndi timiyala. Sitima ankayang'ana foni yake pansi pa chipewa. Mfundo ankazula udzu pakati pa mapazi ake.

Atabalalika, Mfundo anapita pafupi ndi Mayi Wenzulo, foni ili m'manja. Anaima pambali pawo mpaka anamuona. Koma asanatsegule pakamwa, mzati wa tenti ya anyamata unathyoka, ndipo kunabuka mkangano wa amene wauthyola. Mayi Wenzulo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti adikire pang'ono, akubwera.

Mfundo anadikira. Mkangano unakula, kenako kunabwera kholo lina kudzafunsa za ulendo, kenako kiyi wa chipinda cha katundu anasowa. Anzake ankatuluka pageti m'magulumagulu, akugawana maswiti. Iye anabereka chikwama chake n'kutuluka pageti laling'ono la kuseri.

4. Kutsidya kwa njanji

Kamuvi kanamudutsitsa pa depoti ya mabasi, pamzere wa okonza matayala, ndi pamalo owotcherera zitsulo pomwe moto unkathetheka mpaka mumsewu. Atapitirira pamenepo anthu anayamba kuchepa. Masitolo anatha, kunayamba mipanda italiitali yokhala ndi magalasi osweka pamwamba.

Foni inalira. Anali bambo ake. Mawu awo ankamveka patali, injini ikulira kumbuyo. Anafunsa ngati wadya ndiponso kumene ali. Mfundo anati ali panjira yopita kunyumba. Bambo akewo anati ndiye bwino, akafika akhome chitseko, ndipo akadzabwera adzamugulira tochi ya pamphumi yopitira kumisasa. Anayamba kunena china, koma netiweki inaduka. Mfundo anakhala kanthawi foni ili kukhutu, akumvetsera phokoso lopanda mawu.

Pamene msewu umadutsa njanji panali kanyumba kamatabwa. Pakhomo pake panakhala bambo wachikulire wovala chovala chonyezimira, amene ntchito yake inali kutsitsa chitsulo chotchinga msewu sitima ikamabwera. Mlondayo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku sikafu yofiira ya m'khosi, n'kumufunsa kumene akupita.

Mfundo anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti watumidwa.

"Watumidwa kwa yani, mwana wanga?" anafunsa mlondayo. "Kutsidyako kulibe sukulu, kulibe msika, kulibe nyumba ya munthu. Kuli nyumba zosungiramo katundu, ndipo zambiri anazitseka kalekale. Loweruka ngati lero ngakhale agalu sapitako. Ine ndakhala pampando uno zaka zambiri, ndipo ndimaona amene amawoloka. Antchito amawoloka m'mawa ali chigulu, akukangana za mpira. Amene amandidetsa nkhawa ndi amene amawoloka yekha, maso ali pa foni, ngati mbuzi yokokedwa ndi chingwe chosaoneka.

"Sindine bambo ako, sindingakugwire dzanja. Koma ukafika kumeneko mtima ukakugunda, usautsutse. Usati ndachokera kutali, ndingomaliza. Njira yobwerera siitha, ndipo palibe anamangidwapo chifukwa chobwerera. Wamva?"

Mfundo anati wamva, agogo. Anawoloka njanji.

5. Pampanda

Kutsidyako misewu inali yofanana yonse. Nyumba zikuluzikulu zamalata zinandandalikana, zitseko zake zadzimbiri, udzu utamera m'ming'alu ya simenti. Mfundo anakhota kangapo motsata kamuvi. Ankangomva nsapato zake ndi lata lina limene mphepo inkaliwombetsa padenga.

Kamuvi kanamufikitsa pa mpanda wa waya. Pansi pake panali pobooka poti munthu akhoza kulowa chokwawa. M'kati mwa mpandamo munali chinyumba chopanda mawindo, chitseko chake chili chotsegula pang'ono. Kamuvi kankaloza chitseko chimenecho.

Mfundo anagwada kuti akwawe. Ali chigwadire anaona kumbuyo kwa galimoto yotuwa, itaimikidwa pambali pa chinyumbacho pomwe munthu wa mumsewu sangaione. Magalasi ake anali akuda. Matayala ake anali atagonetsa udzu, ndipo udzuwo unali usanadzuke.

Foni inanjenjemera m'dzanja lake.

"Ndakuona. Sikafu yofiirayo ikukukhala bwino. Lowa, kabokosi kali m'kati. Uzimitse foni kuti kamuvi kasakusokoneze."

Mfundo anayang'ana uku ndi uku. Sanaone munthu. Mtima wake unkagunda mpaka m'makutu. Wosaka chuma sazimitsa foni, chifukwa foniyo ndiye maso ake. Ndiponso mwini kabokosi sakhala pamalopo kudikira wosaka.

Uthenga wina unalowa. "Usaope. Si ine mnzako yekhayo amene uli naye?"

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa anali oona. Anakhala chigwadire, dzanja limodzi litagwira waya. Akabwerera, madzulo ano foni sidzaliranso. Adzatsegula chitseko, adzayatsa wailesi, basi.

Anasiya wayayo. Anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo, n'kuyamba kuyenda kubwerera kumene anachokera. Anayenda bwinobwino mpaka pokhota. Atamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa kumbuyo kwake, analiyatsa liwiro.

Chikwama chinkamumenya pamsana. Sanayang'anenso foni. Anakumbukira yekha pokhota paliponse, ndipo pena anadutsa pakampata ka pakati pa mipanda iwiri pomwe galimoto singalowe. Atatulukira pa njanji, mlonda uja anali ataimirira kale. Sanamufunse kanthu. Anangotsegula chitseko cha kanyumba kake, n'kumulozera pansi kuseri kwa tebulo, iye n'kuima pakhomo.

Posakhalitsa galimoto yotuwa inafika. Inayenda pang'onopang'ono mpaka pa njanji, inaima, koma sinawoloke. Magalasi sanatsike. Mlondayo anaiyang'anitsitsa manja ali m'chiuno. Kenako galimotoyo inatembenuka n'kubwerera kumene inachokera.

Mlondayo anamupatsa madzi m'kapu yachitsulo. Anamufunsa ngati kunyumba kuli munthu, ndipo Mfundo anapukusa mutu. Anamufunsa kumene kuli mayi ake. Atamva kuti ali kuchipatala, anaitana mayi wina wogulitsa malasha amene ankadutsa ndi wilibala, n'kumupempha kuti amuperekeze mwanayo mpaka pa depoti ndipo asachoke mpaka atakwera basi.

"Upite kwa amayi ako, osati kunyumba," anatero mlondayo. "Ndipo ukawauze zonse. Usakasankhe zokoma zokha."

6. Pa benchi

Kuchipatala kunali anthu ambiri monga mwa masiku onse. Namwino wa pakhomo la wodi anati mayi ake ali ndi wodwala, adikire. Mfundo anakhala pa benchi ya m'khonde, pakati pa bambo wa bandeji kumutu ndi mayi amene ankatonthoza khanda. Aliyense pa benchipo anali ndi womudikirira kapena womuperekeza. Iye anakumbatira chikwama chake n'kumayang'ana matayala a mabedi akudutsa.

Foni inanjenjemera kangapo m'thumba. Sanaitulutse.

Mayi ake atatuluka anadabwa kumuona, ndipo anayamba kumufunsa ngati wataya kiyi. Atayang'ana mawondo ake afumbi ndi nkhope yake, anasiya funsolo. Anamutengera m'kachipinda komwe anamwino amamwera tiyi n'kutseka chitseko.

Mfundo anawapatsa foni. Anafotokoza za kabotolo, za Mlenje, za mafunso ake, za mpanda ndi galimoto. Ananenanso kuti ananamiza bambo ake. Sanasiye kanthu.

Mayi akewo anawerenga mauthengawo kuyambira pamwamba. Atafika pomwe mwana wawo anauza mlendo masiku amene iwo amachedwa ku ntchito, anakhala pansi. Sanakalipe. Anavula kachipewa kawo ka ntchito n'kukaika patebulo.

"Mwanangu," anatero, "ine pa ntchito yanga ndimaona ana amene anafika pa chitseko ngati chimenecho n'kulowa. Amabwera nawo muno, ena osatha kulankhula. Makolo awo amakhala pa benchi yomwe unakhalapo ija, akufunsa kuti zinayamba liti. Zimayamba chonchi, ndi mawu okoma. Munthu wotereyu sasaka mwana wopusa ayi. Amasaka mwana amene ali yekha. Amamufunsa zimene ife a m'nyumba tinaiwala kumufunsa.

"Unalakwa kupita, ndipo unalakwa kunamiza bambo ako. Zimenezo tidzakambirana iwo akabwera. Koma unabwerera, ndipo wabwera kwa ine. Tsiku lina mlandu uliwonse umene udzapalamule, ngakhale ukule bwanji, udzabwere nawo kwa ine ngati mmene wachitira leromu. Ndikakhala ndagona, undidzutse. Ndikakhala ndili ndi wodwala, uuze anzangawa kuti ndi zamwadzidzidzi. Tulo ndidzagona tsiku lina. Mwana ndili naye mmodzi."

Apo m'pamene Mfundo analira. Analira ataika nkhope pa yunifolomu ya mayi ake, imene inkanunkha mankhwala.

Mayiwo anatenganso foni kuti ajambule mauthengawo ndi foni yawo. Koma ali m'kati moyang'ana, mauthenga a Mlenje anayamba kuzimiririka umodziumodzi, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Manambala a malo aja anapita nawo, ndipo kamuvi ka pa mapu kanazimiririkanso. Pomaliza chithunzi cha jombo chinasowanso. Panatsala mayankho a Mfundo okha, ngati munthu amene ankalankhula yekha.

Mayi ake anaimbira Mayi Wenzulo. Anangoyamba kufotokoza, koma a kutsidya la foniyo anawadula mawu n'kunena kuti asachoke, akubwera pomwepo.

Anafikadi posachedwa, akupuma mwawefuwefu, yunifolomu ya masikauti ikadali m'thupi. Sanakhale pansi. Anamugwira Mfundo mapewa onse awiri n'kumupempha kuti anenenso dzina la munthuyo. Mfundo analitchula. Mayi Wenzulo anatsinzina.

Kenako anafotokoza. Mayi ake a Sitima anali atawaimbira foni akulira. Sitima sanafike kunyumba chichokereni ku msonkhano, ndipo foni yake inali yozima. Mng'ono wake atapanikizidwa anaulula kuti Sitima wakhala akulemberana ndi munthu wina wa masewera osaka chuma, ndipo lero anati akadya kwa mnzake kenako akatenga mphatso kwa munthuyo. Kumene wapita sananene. Dzina lokha ndi limene mng'onoyo analigwira, ndipo linali lomwelo.

Mfundo anayang'ana mphunzitsiyo osakhulupirira. Sitima, amene sankayenda popanda anthu pambuyo pake.

"Apolisi ndawauza kale, tikumana nawo pa njanji," anatero Mayi Wenzulo. "Koma akuti kutsidyako nyumba zotere n'zambirimbiri, ndipo kuti azifufuze imodziimodzi dzuwa lilowa. Manambala aja ulinawo?"

"Afufutidwa, Madamu."

 Panja bedi lina linadutsa, tayala lake likulira.

"Nanga njira ungaikumbuke popanda foni?"

Mfundo anayang'ana mayi ake. Mayiwo anali atatenga kale chikwama chawo, ndipo ankauza namwino mnzawo pakhomo kuti awagwirire wodi. Anabwerera n'kumugwira dzanja mwana wawo mwamphamvu. Anati Mfundo sakatsika m'galimoto imene akwere, ndipo iwo akakhala pambali pake.

 Mfundo anapukuta misozi ndi nsonga ya sikafu n'kuimirira.

"Ndikuikumbuka," anatero. "Tikawoloka njanji tikhotere kumanzere. Koma tifulumire, Madamu. Galimoto ija sinawoloke. Inabwerera komweko."